Lole ya Atsibweni pa Magombe a Nyanja

Sendezani mipando kuno, adzukulu anga, ndikuuzeni za nyumba ina imene ndinagonamo ndili mnyamata, nyumba yopanda nsanamira ndi khonde, yoyenda pa matayala. Inu mukaona magalimoto a alendo aja odutsa mu Chipata, okhala ndi makatani m'mazenera, bedi ndi chitofu m'kati, ena akulowera ku Mfuwe kukaona nyama, ena akutsikira ku Mwami kulunjika kunyanja, mumayesa kuti ife a kuno kwa Mlolo zoterozo sitizidziwa. Ifenso tinayendapo choncho, kugona pagombe ili lero, mawa pagombe lina, mafunde akutiimbira usiku wonse. Kungoti nyumba yathuyo inali lole ya Bedford yofunditsidwa lona.

Inali nthawi ya Chitaganya, chija chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963, pamene Chipata ankati Fort Jameson, Mchinji ankati Fort Manning, ndipo ndalama ya kuno ndi ya ku Nyasaland inali imodzi: paundi, sheleni ndi tiki. Njanji ya ku Chipata imene mukuidziwayi ndi yadzulodzulo, ya mu 2010. Masiku amenewo njanji ya pafupi ndi ife inkathera ku Salima, kumene inafika mu 1935, ndipo katundu wambiri wa dera lino ankapita kumeneko kuti akakwere sitima ya ku Beira. Atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, ankayendetsa lole ya Mmwenye wina wa sitolo ku Fort Jameson. Masika akatha, nshawa zathu za Chalimbana, zazikulu maso zija, zikauma n'kusendedwa, iwo ankatenga matumba kukatula ku Salima. Lole siinkabwerera yopanda kanthu. Mwini wake ankawapatsa ndalama kuti ayende m'madooko akugula nsomba zouma mpaka kumbuyo kudzaze. Ine anandipempha kwa amayi kuti ndizikawatungira madzi ndi kuwasonkhera moto, ndipo amayi sakanakana, poti mwana wa mlongo ndi wa atsibweni, iwo ndiwo mwini mbumba.

Lole inkagona kumudzi usiku umodzi tisananyamuke, ndipo usiku umenewo ambuya sankagona. Ankakazinga chimanga paphale mpaka fungo kufika kubwalo, kusinja chiponde cha nshawa n'kuchipanikiza m'kachitini, kuphika chigumu cha nthochi chokulunga m'masamba, kuthira thobwa m'chipanda n'kutseka pakamwa ndi chitsononkho. Ufa woyera unali m'kathumba kake, mfutso wa khwanya m'chikwatu, mchere m'nsupa. Ameneyo ndiye anali kamba wathu. Koma chimene ndimakumbukira kwambiri ndi mafuwa. Ambuya anafukula miyala itatu ya pakhitchini pawo, yakuda bii ndi mwaye wa zaka zambiri, n'kulamula kuti ikwezedwe. Atsibweni anati miyala ili paliponse, amayi. Ambuya anayankha kuti kunyanja kuli mchenga, mphika ukapendama nsima imapsa mbali imodzi, ndipo mwana wa mwana wawo sakadya nsima yosapsa kwa eni. Mafuwa aja anakwera, ndipo kuyambira pamenepo ankakhala pangodya kuseri kwa kanyumba ka dalaivala, pambali pa jeke ndi dilamu la madzi.

Za mseu sindichulukitsa. Kuchoka kwa Mlolo kudzera paboma la Chadiza mpaka ku Fort Jameson linali fumbi lokhalokha, kenaka Fort Manning, Namitete, mpaka Lilongwe, amene panthawiyo anali katauni chabe ka masitolo ndi msika m'mbali mwa mtsinje, poti boma linali ku Zomba, ndipo likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975. Kupitirira pamenepo mseu umayamba kutsetsereka. Lole inkalira ndi giya yaing'ono, makutu kutsekeka, mphepo yozizira ya kumtunda kutsalira m'mbuyo, ndipo mwadzidzidzi tili pakati pa milambe ndi migwalangwa, thukuta lili kamukamu. Pasiteshoni ya Salima amtengatenga anatsitsa matumba akuimba, atsibweni analandira chipepala chawo n'kuchipinda m'chipewa, ndipo kumbuyo kwa lole kunatsala mbee. Tinasesa makoko a nshawa, kupinda nsungwi kuchokera mbali ina kufika mbali ina, kukoka lona pamwamba pake, kuyala mphasa ziwiri, kupachika koloboyi pa waya. Lole inasanduka fulu, nyumba ili kumsana.

Nyanja ndinaionera ku Senga Bay, dzuwa litapendeka. Ndisanaione ndinayamba kuimva m'mphuno: fungo la nsomba zoyanika, utsi wa nkhuni, ndi kafungo kena ka madzi ambiri kamene sindinakamvepo kudambo kwathu. Atsibweni anaimitsa lole pansi pa mtengo n'kunena kuti tsika. Kwathu mtsinje uliwonse uli ndi tsidya, ukaitana munthu wa uko amavomera, ndiye funso langa loyamba linali lakuti tsidya lake lili kuti. Inali nyengo ya lupsa, utsi utaphimba mapiri a kum'mawa, kotero madzi ankangopita mpaka kukakumana ndi thambo, kupatula kachilumba ka miyala kaja kotchedwa Namalenje, kotuwa ndi zitosi za mbalame. Atsibweni analoza ndi chibwano n'kuti uko kuli mapiri, ndipo kuseri kwake ndi dziko la Apwitikizi, lomwe lija tili nalo kuseri kwa mapiri kwathu ku Chadiza. Anandiuzanso kuti ngakhale titayenda ndi lole mpaka matayala kutha, sitingaizungulire msanga. Ananenadi zoona, poti nyanja imeneyi m'litali mwake ndi makilomita pafupifupi 580. Ndili chiimire choncho, mbalame ya mutu woyera inalira pamwamba pa mtengo itakweza khosi kumwamba, inatsika n'kukwatula nsomba ndi zala. Imeneyo inali nkhwazi yanga yoyamba, ndipo pamene mbendera yathu inakwera mu 1964 ili ndi nkhwazi pangodya, ine ndinali mmodzi mwa ana ochepa pasukulu amene anaimvapo ikulira.

Tsono mverani bwino apa, poti m'pamene pali mtima wa ulendo wonse. Atsibweni anali ndi machesi m'thumba la malaya, oyatsira fodya wawo wopichira. Koma moto wa madzulo sankauyatsa ndi machesi. Tikafika padooko lililonse, lole ikazima, ankasamba m'manja ndi kumaso, kuvala jekete, n'kupita kukaonekera kwa mfumu kapena kwa mkulu wa padooko, atanyamula kambale ka nshawa. Ankakhala pansi, kuomba m'manja, kunena kumene tachokera ndi chimene tadzera, n'kupempha poimika lole. Akabwerako ankandipatsa phale n'kuti, "Iwe, pita pakhomo apo ukapale moto. Ukagwade, ukaodire, usakalowe m'khitchini mwa eni." Ine ndinkapita. Mayi wa pakhomopo ankandiyang'ana kuyambira kumapazi, kundifunsa kuti ndine mwana wa yani, kwathu n'kuti, ndadya kapena ayi, ndipo makala aja ankabwera pamodzi ndi kanthu kena, mwina chinangwa chootcha, mwina tiusipa m'tsamba. Pofika nthawi yoti nsima ithakathike pa mafuwa a ambuya, mudzi wonse unali utadziwa kuti pansi pa mtengo pagona alendo a ku Northern Rhodesia, ndipo amuna ankabwera mmodzimmodzi kudzakhala pamchenga. Iwo ndiwo ankatiuza pamene pamatulukira mvuu usiku, bango limene lili ndi ng'ona, posambira amuna ndi posambira akazi. Palibe anatibera ngakhale chingwe. Nyumba yathu inalibe chitseko, koma inali ndi alonda mudzi wathunthu.

Usiku udzudzu unkabwera ndi nyimbo zake, ndipo tinkafukiza masamba aawisi pansi pa lole kuti utsi ukwere m'mipata ya matabwa. Ndikakweza lona pang'ono ndinkaona miuni ikuyenda pamadzi, asodzi akukopa usipa ndi moto, ndipo kugogoda kwa nkhafi pa bwato kunkamveka kutali. M'bandakucha mawu oitanira ku mzikiti ankatidzutsa, poti ambiri a kumeneko ndi Ayao achisilamu. Kenaka khoka linkafika pamtunda, amuna m'mizere iwiri akukoka zingwe chobwerera m'mbuyo, ndipo aliyense wogwirako chingwe, ngakhale mlendo, ankapatsidwa za ndiwo. Ine ndinagwirako, manja anatupa, ndipo ndinabwerera kulole ndi chambo ziwiri zikuphiriphitha. Mayi amene anandipatsa moto uja anabwera kudzandionetsa kaphikidwe kake: kupala mamba, kutumbula, madzi pang'ono, phwetekere, mchere, basi, osavundula ndi mthiko koma kungogwedeza mphika. Mafuta ankatuluka okha m'nsombamo. Anandiuza kuti mutu sapatsa mlendo, poti akaulawa sabwerera kwawo, atatero n'kuuika m'mbale mwanga yomwe akuseka.

Kugula kunali kwa atsibweni. Ankayenda pakati pa mathandala a bango pamene usipa ndi utaka zinkauma, kutola kamodzi, kukathyola pafupi ndi khutu kuti amve ngati kauma mpaka m'kati, kununkhiza kampango ndi milamba yowamba pautsi, kugwedeza dengu kuti aone ngati mchenga ukugwa. Muyeso unali chitini cha palafini, ndipo mkangano wonse unali pa kamulu ka pamwamba, kaya kakhale kosongoka kaya kosalaza. Ankatsutsana mpaka dzuwa kufika pamutu, kenaka n'kudyera mbale imodzi. Ntchito yanga inali kuyala udzu m'mitanga ikuluikulu ya nsungwi ndi kupondereza nsomba mosamala kuti zisafumbutuke. Mtanga uliwonse wodzaza unkatilanda malo ogona, ndipo chakumapeto kwa ulendo mphasa zathu zinkatsikira pansi pa lole.

Kumeneko ku Senga Bay, chapafupi ndi hotela imene panthawiyo inkatchedwa Grand Beach, n'kumene ndinaona koyamba galimoto yokhala nyumba yeniyeni. Inali ya mzungu wina ndi mkazi wake, kagalimoto ka Volkswagen kobulungira kumaso, ndipo ife ana tinaima chapatali kusuzumira pamene chitseko cha m'mbali chinatseguka. Munali katebulo kopinda, kabati ya makapu, bedi lotuluka pa mpando, ndi kachitofu ka pulayimasi kamene kankayaka moto wobiriwira wopanda utsi. Kanali kokongola ndithu, ndipo atsibweni, amene ankakonda injini kuposa chakudya, anapempha kuona kumbuyo kumene inali. Mzunguyo anawaonetsa mokondwa, iwonso anamuonetsa nyumba yathu, ndipo mkazi wake anaseka ataona mafuwa, n'kundipatsa bisiketi. Anali anthu abwino. Koma madzulo ake iwo anakhala awiriwiri pa mipando yawo yansalu akuyang'ana madzi, pamene kwathu kunali phokoso la anthu ndi bawo yokumba pamchenga. Ndinafunsa atsibweni chifukwa chake kulibe wopita kukacheza nawo. Anati, "Saona kolowera, mwanawe. Madzi ali nawo, moto ali nawo, ndiwo zili m'zitini. Munthu ukapitako ukawapatse chiyani?" Mpaka lero ndikaona magalimoto aja ku Chipata ndimawafunira ulendo wabwino, ndipo ndimawafuniranso kuti tsiku lina gasi awathere pafupi ndi mudzi wa anthu, kuti nawonso alaweko zimene ife tinalawa.

Kuchoka pamenepo tinkatsata nyanja, lero kwa Maganga, mawa ku Lifuwu kwa mpunga, tsiku lina ku Chipoka, kulikonse kumene tamva kuti nsomba zafa. Timiseu ta kumadooko tinali ta mchenga, ndipo lole ikatitimira anyamata a pamudzi ankabwera ndi makwasa a mgwalangwa kudzayala pansi pa matayala, n'kukankha akuimba. Mwera ukadzuka zonse zinkaima. Mphepo imeneyi imachokera kummwera m'miyezi yozizira, nyanja imada, mafunde amachita thovu, mabwato onse amakokeredwa kumtunda, ndipo ife tinkatembenuza lole kuti ipereke mphuno kumphepo, n'kumanga lona ndi zingwe zowonjezera. Masiku oterowo ndiwo anali a nkhani. Akuluakulu akusoka maukonde ankasimba za sitima ya Vipya imene inamira kumpoto mu 1946 ndi anthu oposa 140, ndipo ankatsitsa mawu poitchula. Ankasimbanso za chilumba cha Mbenje, kumene mfumu Makanjira ya ku Salima inaika lamulo loti nyengo ya mvula asodzi onse achokeko kuti nsomba ziswane, ndipo kukatsekulidwa kusapite mowa, juga kapena akazi. Lamulo limenelo likugwirabe ntchito mpaka lero, ndipo utaka wa ku Mbenje ukadali wonona pamene magombe ena akulira. Ku Chipoka ndinaona sitima ya Ilala ikufika, yoyera, ikuliza lipenga lake lomveka m'mimba. Inapangidwa ku Scotland, inabwera m'zidutswa pa nyanja yamchere ndi pa njanji, n'kulumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo inayamba kuyenda mu 1951. Ndinaona anthu akutsika ndi mbuzi, njinga, mitolo ya chinangwa ndi makina osokera pamutu, ndipo ndinaganiza kuti imeneyonso ndi nyumba yoyenda, koma ya mudzi wonse.

Chaka china tinapitirira kumpoto, kudzera ku Benga ndi m'mbali mwa thamanda la Chia mpaka ku Nkhotakota, kumene azungu ankalemba kuti Kota Kota. Kumeneko ndinadya kondowole woyamba, nsima ya chinangwa yonyika, yokoka m'manja, imene imafuna kumeza osatafuna, ndipo ndinasamba m'madzi otentha otumphuka pansi ku Mawira. Anationetsa mkuyu umene David Livingstone anakhala pansi pake pokambirana ndi mfumu Jumbe za malonda a akapolo, ndipo nkhalamba ina inatiloza pagombe pamene zombo zinkanyamulira anthu omangidwa kuwaolotsera kutsidya. Atsibweni anavula chipewa pamenepo, poti ena mwa otengedwawo anali a kumtunda kwathu konkuno. Tsiku lina m'mawa ndinaona chinthu chakuda chitaima panyanja, ndinathamanga kukanena kuti bwato likupsa, koma anali nkhungu, tizilombo tija touluka timene amayi amatikola ndi malichero onyowa n'kutiumba zikwatu za ndiwo.

Chimene chinandigwira mtima ku Nkhotakota n'chakuti popala moto, mayi wa pakhomo anandifunsa mfunda wanga. Nditati ndine Phiri, anaomba m'manja n'kuitana amuna awo kuti bwerani mudzaone m'bale wanu wachokera kutali. Chichewa chawo chinali chopendekera kwina pang'ono, koma miyambi yake yomweyi, maliro ake omwewa. Usiku umenewo atsibweni ndi akulu aja analondola mbiri mpaka nkhuni kutha: kuti Kalonga anali ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, kummwera kwa Chipoka kumene tinaimika lole kuja, kuti Undi anachoka kumeneko ndi anthu ake kupita ku Mano, m'dziko limene lero ndi Mozambique, ndipo kuti mafumu athu a kuno, a Mlolo, a Zingalume, a Mwangala, amakapereka ulemu kwa Gawa Undi ku Mkaika. Ine ndinkayesa kuti ndapita kudziko la eni. Ndinagona usiku umenewo ndikudziwa kuti lole inangotibweza m'njira imene makolo anadzera wapansi.

Pobwerera lole inkakwera zitunda za Salima mobuula, ndipo ikamalowa kwa Mlolo agalu ndi ana ankaitsata chifukwa cha fungo. Mitanga inali ya Mmwenye, koma atsibweni ankakhala ndi kadengu kawokawo, kogula ndi ndalama zawo, ndipo ambuya ankagawa usipa m'timbale nyumba ndi nyumba, kuyambira kwa amasiye. Ufulu utabwera, Malawi pa 6 July ndi Zambia pa 24 October 1964, pa Mwami panayamba kufunika zikalata, kenaka ndalama zinasiyana, ndipo pambuyo pake kunabwera kwacha yathu mu 1968 ndi ya anzathu mu 1971. Lole ija inakalamba, inagulitsidwa, ndipo atsibweni anabwerera kumunda.

Koma ubale wa paphale lamoto sunathe. Mwamuna wa mayi uja wa ku Senga Bay, amene atsibweni ankangomutcha achimwene, anabwera kuno chaka china chilimwe, pa basi mpaka ku Chipata, kwinako pa njinga yobwereka, atamanga mtolo wa kampango wowamba pakaliyala. Anafika fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, akufunsa njira ya kwa dalaivala wa Bedford. Ambuya, amene anali asanamuonepo, anayala mkeka watsopano, anatuma mwana kukagula mphika wosaphikiramo kanthu, poti ankadziwa kuti Msilamu sadya mbewa kapena nkhumba, ndipo tambala anam'patsa m'manja ndi mpeni kuti azinge yekha monga mwa chipembedzo chake. M'mawa atsibweni anavala jekete lija n'kupita naye kukaonekera kwa mfumu ya mudzi. Tinamuonetsa madimba athu, nkhokwe za nshawa, khola la ng'ombe, ndipo iye ankangofunsa kuti anthu inu mumakhala bwanji opanda madzi oyang'anapo. Ambuya anati mlendo ndi mame, asachoke msanga, ndipo anakhaladi mpaka anaona gule wamkulu pa mpalo wa m'mudzi woyandikana nawo. Pochoka tinam'mangira thumba la nshawa, nkhuku ziwiri m'chitete ndi mbewu ya maungu, ndipo anyamata anayi tinam'perekeza wapansi mpaka paboma la Chadiza tikusinthana kukankha njinga.